Momwe mungayesere ma burner a CD ndi DVD kuti mudziwe yothamanga ndi yobena bwino

Ambiri akamagula burner, chida cholembera (kubena) zimbale za CD ndi DVD, amangoona nambala ya pa bokosi, 24x kapena 52x, n'kutulutsa ndalama. Nambala imeneyo ndi liwiro lomwe burner imafika kwa kanthawi kochepa kumapeto kwenikweni kwa chimbale, ndipo sikuuzani ngati chimbalecho chidzasewere mu DVD player ya kasitomala wanu ikatha miyezi isanu ndi umodzi. Ngati mumabena zimbale za makwaya, makanema a ukwati ndi chinkhoswe, kapena mumasungira mafayilo a ku ofesi pa DVD, mukhoza kuyesa ma burner awiri kapena atatu nokha tsiku limodzi, popanda kugula pulogalamu iliyonse.

Choyamba mvetsani manambalawo

Pa CD, 1x ndi 150 KB pa sekondi. Pa DVD, 1x ndi pafupifupi 1.38 MB pa sekondi, kuposa ya CD kasanu ndi kanayi. Ndiye musamayerekeze 24x ya CD ndi 24x ya DVD, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ma burner aakulu a mu kompyuta ya pa tebulo amafika 48x kapena 52x pa CD, ndi 16x mpaka 24x pa DVD. Aja opyapyala a mu laputopu ndi a USB nthawi zambiri amathera pa 24x ya CD ndi 8x ya DVD.

Burner imayamba kulemba chapakati pa chimbale kupita kunja. Pa liwiro lalikulu chimbale chimazungulira mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, njira yomwe imatchedwa CAV, choncho chapakatipo pamalembeka pang'onopang'ono ndipo liwiro limakwera mukamayandikira m'mphepete. DVD ya 16x imayambira cha ku 6x kapena 7x. Ndiye ngati kanema wanu ndi wa 2 GB pa chimbale cha 4.7 GB, burner ya 24x sifika n'komwe pa 24x. Poyesa, dzazani chimbale chonse, chifukwa mavuto ambiri amabisala m'mphepetemo.

Zofunika kukhala nazo

Ma burner omwe mukuyerekeza, kompyuta imodzi yoyesera onsewo, ImgBurn yobenera, ndi Nero DiscSpeed yoyezera, yomwe akale amaidziwa ngati Nero CD-DVD Speed. Onsewa ndi aulere. Mukamawatsitsa pa intaneti werengani bwino chilichonse musanadine, malo ena amaphatikizamo timapulogalamu tosafunika. Konzani fayilo imodzi ya ISO (fayilo yonyamula zonse za pa chimbale pamodzi) ya 4.3 GB yoyesera DVD ndi ina ya 690 MB yoyesera CD, ndipo muzigwiritsa ntchito zomwezo pa burner iliyonse.

Dzina la pa chivindikiro cha burner lisakupusitseni. Tsegulani Device Manager ya mu Windows muone dzina lenileni. Ikayamba ndi HL-DT-ST ndiye ndi ya Hitachi-LG, TSSTcorp ndi ya Toshiba ndi Samsung, Optiarc inali ya Sony ndi NEC. Ambiri mwa makompyuta a kaunjika omwe amabwera kuno ali ndi burner amakhala ndi imodzi mwa zimenezi. Lembani dzinalo pamodzi ndi nambala ya firmware, pulogalamu ya m'kati mwa burner yomwe imaiyendetsa. Ngati pali firmware yatsopano, ikani, koma tsiku limene mukudziwa kuti magetsi sazima kapena muli pa UPS, batire losunga kompyuta magetsi akazima. Magetsi akazima pakati pa ntchito imeneyi burner ikhoza kufa basi.

Ya USB ilumikizeni pa kompyuta penipeni, osadutsira pa hub. Ngati chingwe chake chili ndi mitu iwiri, lowetsani yonse, chifukwa doko limodzi la USB 2.0 limapereka 500 mA yokha ndipo burner ikasowa mphamvu imatsitsa liwiro yokha mwakachetechete.

Zimbale: apa ndi pomwe pamagona nkhani

Apa ndichedwapo, chifukwa mukalakwitsa pano zonse zotsatira ndi kutaya nthawi. Dzina lolembedwa pamwamba pa chimbale si la fakitale yomwe inachipanga. Chimbale chilichonse chili ndi chizindikiro chobisika chotchedwa MID, ndipo ImgBurn imachionetsa m'bokosi la kumanja mukangolowetsa chimbale chopanda kanthu. MCC 004 ndi MCC 03RG20 ndi zizindikiro za Mitsubishi zomwe zinkapezeka pa Verbatim za 16x. TYG02, TYG03 ndi YUDEN000 ndi za Taiyo Yuden ya ku Japan, yomwe inasiya kupanga zimbale kumapeto kwa 2015. Palinso CMC MAG, RITEK ndi PRINCO za ku Taiwan. Burner imawerenga MID imeneyi n'kuyang'ana mu firmware yake mphamvu ya laser yoyenera chimbale chotero. Ikapanda kuidziwa imangolemba mwachisawawa ndi njira yake ya nthawi zonse, ndipo nthawi zina imakupatsani liwiro limodzi lokha losankha.

Ine zinandichitikira ndi sipindo ya zimbale 50 yomwe ndinagula kwa mnyamata wina wa pa benchi mumsika, yokutidwa bwinobwino ndi pulasitiki, mtengo wake wotsikirapo kusiyana ndi m'shopu. Burner yoyamba ndinaiyesa ndi zimbale za pamwamba, zotsatira zokongola. Yachiwiri inalandira za m'katikati, ndipo inaoneka ngati yotha ntchito: liwiro likugwa cha kumapeto, kanema akudumphadumpha, chimbale china chinakana ngakhale kutsekeka (gawo lomaliza la kubena, lotchedwa finalize). Nditatembenuza zimbale ziwiri pawindo ndinaona kuti pansi pake sipakufanana. China chinali chofiirira mofanana ponseponse, chinacho chinali ndi timadontho ndi kamzere kotuwa m'mphepete pomwe utoto sunafike bwino. Timanambala ta pa kabowo ka pakati tinalinso tosiyana. Mu ImgBurn munatuluka ma MID awiri. Munthuyo anaika zabwino zochepa pamwamba, pansi n'kudzaza zina, ngati ogulitsa tomato amene amaika zikuluzikulu pamwamba pa mulu. Burner yachiwiri ija inalibe mlandu, ndipo ndi imene ndinadzaiona kuti ikubena bwino kuposa inzake.

Ndiye musanayambe, tengani chimbale pamwamba, china pakati, china pansi, muone MID ya chilichonse. Kenako sakanizani: chimbale choyamba ku burner A, chachiwiri ku burner B, chachitatu ku A, motero. Dziwaninso kuti MID nayo amaibera. Mafakitale ena ang'onoang'ono amalemba TYG02 pa zimbale zawo kuti ma burner azizilandira pa liwiro lalikulu. Mukapeza zimbale za mtengo wa mandasi zikudzitcha Taiyo Yuden masiku ano, kayikani. Wogulitsa wokana kuti mugule chimodzi kapena ziwiri mukayese kaye, musiyeni, ali ndi chomwe akubisa. Mitengo sinditchula chifukwa imasintha nthawi iliyonse kwacha ikagwa, koma kusiyana kwa sipindo yabwino ndi yachabe n'kochepa poyerekeza ndi kubwezera kasitomala zimbale 30 za ukwati.

Kubena

Tsekani mapulogalamu ena onse, makamaka antivirus ikakhala ikusanthula. Ma burner a masiku ano ali ndi chitetezo choti deta ikachedwa kufika amaima n'kupitiriza, chomwe Sanyo inachitcha BURN-Proof ndipo Ricoh JustLink, choncho chimbale sichiwonongeka monga kale. Komabe kuima kulikonse kumawonjezera nthawi ndipo kumasokoneza zotsatira zanu. Yang'anirani mizere iwiri ya buffer mu ImgBurn, yomwe imaonetsa deta yodikira kulembedwa. Ikamagwa kufika pansi kawirikawiri, vuto ndi hard disk kapena chingwe, osati burner. Pa makompyuta akale a chingwe cha IDE, onani ngati Windows sinabwerere ku PIO, njira yochedwa yotumizira deta, m'malo mwa DMA yothamanga, chifukwa zikatero burner yabwino imakwawa.

Pa burner iliyonse benani DVD zitatu: pa 8x, pa 16x, ndi pa liwiro lake lalikulu. Pa CD chitani 16x, 32x ndi lalikulu. Liwiro lomwe burner sifika, lidumpheni. Chongani Verify, kuti ImgBurn ikamaliza iwerengenso chimbale n'kuyerekeza ndi fayilo. Lembani ndi cholembera cha maka pa chimbale dzina la burner ndi liwiro nthawi yomweyo, apo ayi mudzasokoneza. Kumapeto ImgBurn imaonetsa nthawi yonse, Average Write Rate ndi Maximum Write Rate. Lembani Average, ndi imene ili ndi ntchito. Mudzaona kuti DVD yodzaza imatenga mphindi 8 kapena 9 pa 8x, pafupifupi 6 pa 16x, ndipo 4 kapena 5 pa 24x. Lolani burner izizire pang'ono pakati, yotentha imabena mosiyana ndi yozizira.

Kuyeza ubwino

Verify ikadutsa sizitanthauza kuti chimbale chili bwino, zimangotanthauza kuti burner yomweyo yatha kuchiwerenga lero. Tsegulani DiscSpeed, pitani pa Disc Quality. Si burner iliyonse imatha kuyeza. Za Lite-On ndi BenQ zimadziwika kuti zimatha, za LG zambiri batani lake limakhala lakufa. Pezani imodzi yotha kuyeza, ngakhale yobwereka, ndipo muyezere zimbale zonse pa imodzi yomweyo ndi liwiro limodzi, 4x pa Lite-On.

Pa DVD muona PIE ndi PIF. PIE ndi zolakwika zing'onozing'ono zomwe player imakonza mosavuta, ndipo malire ovomerezeka ndi 280. PIF ndi zomwe zakanika kukonzeka pa gawo loyamba, ndipo pa Lite-On zisapitirire 4. Pa CD muona C1 ndi C2, zomwe zili ngati PIE ndi PIF. C1 isapitirire 220 pa sekondi, koma chimbale chabwino chimakhala kutali pansi pa pamenepo, ndipo C2 ikhale 0. Musangoona nambala ya Quality score. Onani maonekedwe a mizere. Kamzere kamodzi kotalika payekha sikoopsa kwenikweni. Choopsa ndi phiri lokwera mosalekeza kuyambira cha pa 3.5 GB kupita kumapeto, chifukwa pamenepo ndi pomwe kanema wa ukwati amaimira nthawi ya perekaniperekani.

Pa zomwe ine ndaona, 8x kapena 12x pa DVD yabwino imatulutsa zoyera kuposa 20x kapena 24x, ndipo mphindi zitatu zomwe mwapulumutsa sizikwanira kulipira chimbale chobwezedwa. Koma musamvere aja amati benani pa 1x kapena 2x nthawi zonse. Utoto wa zimbale za 16x unapangidwira liwiro lalikulu, ndipo ma burner ambiri salola n'komwe kutsika chotero. Pakati ndi pabwino.

Zotsala

Chitani Transfer Rate mu DiscSpeed, yoyeza liwiro la kuwerenga chimbale, mzere uzikwera osagwa. Kenako nyamulani zimbalezo mukaziyese mu player yakale kwambiri yomwe mungapeze, ndi mu wailesi ya galimoto, n'kudumphira ku nyimbo kapena gawo lomaliza. DVD+R ikakana mu player yakale, pobena china sinthani Book Type, chizindikiro chouza player mtundu wa chimbale, kukhala DVD-ROM ngati burner ikulola. CD ya nyimbo itsekeni nthawi zonse. DVD za 8.5 GB, za magawo awiri, ziyeseni pa 4x ndipo muone pakati pomwe imasinthira ku gawo lachiwiri. Ngati mukubena nyimbo za anthu ena zogulitsa, nkhani ya chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, mukuidziwa kale. Sungani chimbale chimodzi cha burner iliyonse mu kabati, mudzachiyezenso ikatha miyezi itatu. Burner yomwe PIF yake sinakwere, ndi imeneyo muike pa ntchito za makasitomala, inayo izibena zoyeserera.