Momwe mungakumbire golide popanda kupha munda ku Kasungu

Malo ambiri amene anthu akukumbapo golide ku Kasungu ndi minda ya chimanga, fodya ndi mtedza, ndipo golide akatha mwini malo amafuna kubwerera ku khasu. Kuti mundawo udzalimikenso, ntchito yosamala nthaka iyenera kuyamba tsiku limene piki yalowa pansi.

Musanakumbe, pezani chiphaso. Lamulo la migodi la 2023 linakhazikitsa bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority loyang'anira ntchitoyi, pomwe za chilengedwe zili m'manja mwa bungwe loteteza chilengedwe la Malawi Environment Protection Authority (MEPA) motsatira lamulo la 2017. Mgwirizano ndi mwini munda ulembedwe pamaso pa a mfumu, ndipo utchule amene adzakwirire maenje, chifukwa za pakamwa zimaiwalika golide akayamba kuchepa.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa dothi la pamwamba. Dothi loderali, lokuya masentimita 15 mpaka 30, ndilo lili ndi chonde, mizu yowola ndi nyongolotsi, ndipo likasakanikirana ndi katondo wa pansi palibe amene angalipatulenso. Lipaleni ndi fosholo, muliunjike palokha kumtunda kwa dzenje kumene madzi sadutsa, mulu wake usapitirire mamita 2, kenako muufunditse udzu kapena mapesi kuti mvula isaukokolole. Katondo akhale ndi mulu wake, miyala nayo wake. Ntchitoyi imaoneka ngati kutaya nthawi pamene anzanu ayamba kale kusefa, koma m'dothi lamchenga ngati la ku Kasungu chonde chikapita chimatenga zaka zambiri kuti chibwerere.

Makoma a dzenje akhale opendekera kunja, ndipo musafukule mphanga kunsi kwa khoma, makamaka dzinja nthaka ikakhuta madzi.

Osatsukira dothi mumtsinje. Matope olowa mu Bua kapena Dwangwa amakwirira madimba ndi kudetsa madzi a anthu a kumunsi. Kumbani maiwe awiri kapena atatu otsatizana kutali ndi gombe, kuti matope azidikha m'loyamba, madzi a m'lomaliza muzitsukiranso. Mekyule, amene ena amagwiritsa ntchito popatula golide ku matope, ndi poizoni wowononga ubongo ndi impso, choncho ndi bwino kumupewa. Matope amene amukhudza asathiridwe pamalo olima kapena pafupi ndi chitsime.

Kwirirani dzenje lililonse musanatsegule lina. Miyala iyambe kulowa, katondo atsatire mukumupondera pang'onopang'ono, dothi la pamwamba lija libwere pomaliza, ndipo muliunde pang'ono popeza limatitimira ndi mvula yoyamba. Chaka choyamba thiranipo manyowa, mudzale nandolo kapena kalongonda m'malo mwa chimanga, ndi mizere ya vetiva yopingasa chitsetso. Mbande za nsangu ndi mthethe muziwokere mu Disembala kapena Januwale, ndipo muzitchingire ndi minga kuti mbuzi zisadye.