Kapangidwe ka Champagne ndi kusiyana kwa mitundu yake

Mwafunsa kuti thovu la Champagne limachokera kuti. Limabadwira m'botolo momwemo, sachita kupopera mpweya ngati zakumwa zoziziritsa kukhosi. Dzinali ndi la vinyo wa m'dera la Champagne lokha, cha ku Reims ndi Épernay ku France.

1. Amathyola mphesa ndi manja, makamaka Chardonnay, Pinot Noir ndi Meunier, n'kuzifinya mosamala.
2. Madziwo amawira koyamba (kusasa ngati mowa, osati pamoto) n'kukhala vinyo wopanda thovu.
3. Amasakaniza vinyo wa minda ndi zaka zosiyanasiyana.
4. Amathiramo shuga ndi yisiti, n'kutseka m'mabotolo. Vinyo amawiranso, mpweya n'kusowa potulukira.
5. Amamusunga miyezi yosachepera 15. Wa mphesa za chaka chimodzi amadikira zaka 3.
6. Botolo amalipendeketsa chozondoka, n'kumalipotoza pang'onopang'ono mpaka nsenga zitsikire kukhosi. Khosilo amaliumitsa ndi kuzizira, akatsegula nsengazo zimathuvuka zokha.
7. Amawonjezera shuga wotsiriza n'kutsekanso.

Shuga ameneyu ndiye amagawa mitundu. Brut sapitirira magalamu 12 pa lita, Demi-Sec amakhala ndi 32 mpaka 50, Doux amaposa 50. Musapusitsidwe ndi Extra Dry pogula: ndi wotsekemerako kuposa Brut.