Momwe Mungaonetsere Ana ndi Soya Mmene Mankhwala Amafalikira Pang'onopang'ono M'thupi

Aphunzitsi anzanga a sayansi kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, phunziro la ma ion (tizinthu ting'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ya positive kapena negative) tisamalisiyire pa bolodi. Ndi soya wa pamsika ndi mbaula, ana akhoza kuona ndi maso zomwe akatswiri opanga mankhwala amalimbana nazo.

Iwo amapanga chinthu chofewa chotchedwa hydrogel: ukonde wa mapuloteni kapena zinthu zina zonga ulusi, wosunga madzi ambiri. Amaikamo mankhwala kuti ukafika m'thupi azitulukamo pang'onopang'ono, osati onse nthawi imodzi. Chimodzi mwa zomanga ukondewo ndi ma ion a zitsulo monga calcium, magnesium ndi zinc. Nzeruyi si yachilendo. Mu 1936, Scott ndi Fisher a ku Toronto anaonetsa kuti kuthira zinc mu insulini wosakaniza ndi puloteni yotchedwa protamine kumachititsa kuti jakisoni wa odwala shuga agwire ntchito nthawi yaitali.

Poonetsa ana ukondewu, mabuku ambiri amati tigwiritse ntchito gelatin, puloteni yopangira jeli. Kuno ayi. Gelatin amasungunuka kutentha kukafika pa madigiri 30 mpaka 35, ndipo amene anakhalapo m'kalasi ku Ngabu masana a Okutobala akudziwa kuti pofika belu mudzapeza madzi okhaokha. Soya sachita zimenezo.

Mupeze kapu imodzi ya soya, mchere wapatebulo, mchere wa Epsom (womwe muli magnesium) wa ku sitolo ya mankhwala, utoto wofiira wa zakudya, nsalu yoyera ndi makapu oonekera mkati. Pa madzi pokha samalani. Mijigo yambiri m'chigwa chino imatulutsa madzi amchere, ndipo muli kale ma ion omwe angasokoneze zonse. Tengani madzi amvula kapena a m'botolo.

Viikani soya usiku. M'nyengo yotentha maola 8 akwana, mukapitirira amasasa. M'mawa musinje mu mtondo, muthire madzi makapu 6, mufinye pa nsalu. Mkaka wotulukawo muuwiritse mphindi 15 mukutakasa, chifukwa umachita thovu n'kusefukira mukangocheuka. Kuwiritsaku musakudumphe: kutentha kumamasula mapuloteni omwe anali opindikana, ndipo akapanda kumasuka sagwirana bwino.

Phulani, dikirani mphindi zochepa kuti utsike pafupifupi pa madigiri 75, muthire utoto. Utotowo ndiye mankhwala athu lero. Gawani m'makapu atatu, mamililita 200 iliyonse. M'kapu yoyamba muthire theka la supuni ya tiyi ya mchere wapatebulo, yachiwiri theka la supuni yomweyo ya Epsom, yachitatu masupuni a tiyi awiri a Epsom. Mchere uliwonse muyambe mwausungunula m'timadzi tochepa totentha. Takasani kamodzi kokha, vundikirani, musagwedeze kwa mphindi 15.

Apa ndi pomwe pali phunziro lenileni, choncho musathamange. Kapu yoyamba idzakhala mkaka basi. M'ziwiri zinazo mudzaona zibuma zofewa, ndi timadzi tolekana nazo pambali. Afunseni ana: yonseyi ndi michere, nanga bwanji wina wagwira wina ayi? Mapuloteni a soya ali ndi mphamvu ya negative, ndiye amakankhana. Sodium wa mu mchere wapatebulo ali ndi positive imodzi, ngati munthu wa dzanja limodzi: agwira puloteni imodzi, watha. Magnesium wa mu Epsom ali ndi ziwiri, agwira uku, agwira uko, n'kulumikiza mapuloteni awiri. Milumikizo ikachuluka, ukonde wapangika. Ine ndimaimika ana asanu kutsogolo kuti agwirane manja, ena dzanja limodzi lili m'thumba, ndipo palibe amaiwala.

Kenako yerekezani kapu yachiwiri ndi yachitatu. Momwe mwachuluka Epsom, mapuloteni amagwirana mwachangu, zibuma zimakhala zokhakhala, ndipo zimalavula madzi ambiri pamodzi ndi utoto. Kwa wopanga mankhwala limeneli ndi tsoka, chifukwa mankhwala atayika asanafike kwa wodwala. Ma ion akachepa ukonde sugwira, akachuluka umafinyika. Ntchito yaikulu ya akatswiri ndi kupeza mlingo wapakatipo.

Tsopano khuthulirani zibumazo pa nsalu, za kapu iliyonse pazokha, mupsinje ndi kamwala kolemera mofanana kwa mphindi 20. Dulani tizidutswa tofanana, kalikonse mukaponye m'kapu yake ya madzi oyera. Kumbuyo kwa makapu ikani pepala loyera kuti kufiira kuzioneka. Mphindi 10 zilizonse ana alembe kuti madzi afiira bwanji. Musawauziretu yankho, aliyense anene zomwe waona. Kachidutswa kena mukaike m'madzi othira viniga, popeza m'mimba muli asidi, ndipo hydrogel ya mankhwala akumwa iyenera kupirira malo otero isanafike m'matumbo.

Chonde musaikemo mankhwala enieni, ndipo pasapezeke mwana wolawa. Epsom wochuluka amatsegula m'mimba. Wina akabwera ndi maganizo oyesa copper sulphate wa mu labotale, mukanize: ndi poizoni. Zotsala zonse mukwirire kudzala, makapu mutsuke tsiku lomwelo, chifukwa ndi kutentha kwa kuno soya akagona fungo lake silipiririka.