Bowo la khutu litakana kupitirira 6 mm

Ndinkakulitsa mabowo a ndolo m'makutu mwanga pang'onopang'ono povala mapulagi, tizitsekero tozungulira tolowetsa m'bowomo, saizi ndi saizi. Mpaka kufika pa 6 mm makutu anga sanavute. Vuto linayambira pamenepo, chifukwa m'maseti ambiri a mapulagi saizi yotsatira ndi 8 mm, ija amailemba kuti 0g. Kulumpha 2 mm nthawi imodzi n'kwambiri kwa kamnofu kochepa ngati ka khutu. Pulagi ya 8 mm inkangofika pakamwa pa bowo n'kukana. Ukaikakamiza umang'amba mkati, kapena mnofu umatulukira kuseri kwa khutu ngati kamlomo kotupa.

Ndinafunafuna saizi yapakati, ya 7 mm, yagalasi, yokhala ndi mkombero mbali imodzi yokha. Galasi ndi losalala ndipo limatsukika bwino. Za pulasitiki ya acrylic ine sindizifuna pa bowo longokulitsidwa kumene, zimakandika n'kumasunga litsiro, fungo lake osanena.

Madzulo aliwonse ndinkavula ya 6 mm ija, kutsuka khutu ndi sopo wosanunkhira, kenako kulisisita ndi mafuta a chomera cha jojoba pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mpaka lifunde. Patapita miyezi ingapo pulagi inayamba kukhwepa. Ndikaikokera pansi pang'ono pagalasi loyang'anira, pamwamba pake pankaoneka kampata kodutsa kuwala. Chizindikiro choti bowo lakonzekera saizi yotsatira n'chimenecho.

Nditasamba madzi ofunda ndinapaka mafuta, ya 7 mm n'kulowa yokha, popanda ululu kapena magazi. Khutu lakumanzere linachedwerako, ndinangolisiya pa saizi yake mpaka nalonso litakhwepa. Ya 8 mm inadzalowa mwa njira yomweyo.