Kufulula mowa wa balere pakhomo: poyambira ndi pati?

Munthu akangoganiza zofulula mowa wake, amathamangira kufunsa kuti agule chimera chanji ndipo athire hops wochuluka bwanji. Mafunso abwino ndithu, koma si oyamba. Mowa wa ongoyamba kumene umaphedwa kawirikawiri ndi zinthu ziwiri: tizilombo tosaoneka ndi maso tobisala m'ziwiya, ndi kutentha.

Zofunika zilipo zinayi: madzi, chimera cha balere, hops ndi yisiti. Hops ndi timaluwa ta chomera china choyanga, ndipo ndi amene amapatsa mowa kakuwawa ndi fungo. Lamulo lotchuka lofululira mowa la ku Bavaria, ku Germany, la 1516 linangotchula madzi, balere ndi hops, yisiti osamutchula. Kuti yisiti ndi chamoyo chimene chimadya shuga n'kutulutsa ukali wa mowa ndi mpweya, anadzatsimikizira ndi wasayansi wa ku France, Louis Pasteur, patadutsa zaka zoposa 300. Choncho wofulula weniweni ndi yisitiyo. Inu ntchito yanu ndi kumuphikira chakudya ndi kumukonzera pogona pabwino, monga muchitira ndi chiweto.

Musayambe ndi mowa wochuluka. Malita 10 ndi okwana, poti ukaonongeka simulira kwambiri. Pezani poto wamkulu, thumba la nsalu yopyapyala, chidebe chotsekeka bwino chokhala ndi airlock (kachipangizo kotulutsa mpweya wa mkati osalowetsa wa kunja), kachoyezera kutentha, ndi hydrometer yoyezera shuga. Chimera chikhale makilogalamu 2 mpaka 2.5, chongophwanya, osati chosinja mpaka ufa. Chiikeni m'thumbamo ndi kuchiviika m'madzi otentha madigiri 65 mpaka 68 kwa ola lathunthu. Apa m'pamene chimera chimasanduka shuga. Mukatsamira ku 65, mowa umatuluka wopepuka mkamwa. Ku 68 umakhala wokhathamira, wotsekemerako.

Vuulani thumbalo, likhe bwinobwino, ndipo madzi otsekemerawo awire kwa ola linanso. Hops wothira poyamba ndiye wa kuwawa. Wothira patatsala mphindi zisanu kapena khumi ndiye wa fungo, chifukwa fungo lake limathawa ndi nthunzi likakhalitsa pamoto.

Mukangozimitsa moto, nkhani yasintha. Chilichonse chokhudza madziwo kuyambira pamenepo, kaya ndi supuni, chidebe, paipi kapena manja anu, chikhale chotsukidwa kenako chophedwa tizilombo ndi mankhwala ake. Kutsuka ndi kupha tizilombo ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiri siigwira ngati yoyamba mwaidumpha. Chidebe cha pulasitiki chokandikakandika mkati chisiyeni, m'mikandomo ndi mmene adani amabisala. Ziziritsani msanga poimika potoyo m'beseni la madzi ozizira mpaka afike pa madigiri 20, mutsanulire m'chidebe, ndiye muthire yisiti.

Yisiti wa mowa wotchedwa ale, womwe tikufulula panowu, amagwira bwino pakati pa madigiri 18 ndi 22. Musaiwale kuti akamadya amatenthetsa yekha chidebecho, kotero mkatimo mumatentha kuposa m'chipinda. Kukatentha mopyola, mowa umanunkha ngati mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo ndipo umabaya pakhosi. Imikani chidebe m'beseni la madzi, muchifunditse thawulo lonyowa, makamaka masiku atatu oyamba. Kenako chisiyeni masabata awiri. Osamangotsegula kuti musuzumire.

Thovu likaleka, sindiye kuti mowa wapsa. Yesani ndi hydrometer, mudzayesenso patapita masiku awiri. Nambala ikapanda kusintha, yisiti wamaliza. Mowa woyambira pa 1.050 pa hydrometer musanathire yisiti n'kuthera pa 1.010 umakhala ndi ukali wa 5 peresenti ndi pang'ono. Ine ndinaphunzira izi movutikira. Ndinathira m'mabotolo mowa wosamaliza, ndipo usiku wina ndinadzidzimuka ndi phokoso lakuti phu! m'kabati. M'mawa ndinapeza magalasi atazikika m'thabwa la chitseko, pansi pali nyatenyate. Pothira m'mabotolo, shuga woonjezera kuti mowa ukhale ndi mpweya asapyole magalamu 6 kapena 7 pa lita. Mabotolo akhale olimba, a bulawuni, poti kuwala kumaononga hops n'kubweretsa fungo loipa. Akhale masabata ena awiri pamalo a mdima.

Tsopano za mitundu. Langizo langa ndi lakuti mowa woyambawo, wa chimera choyera ndi hops wa mtundu umodzi, muufulule kawiri kapena katatu osasintha kanthu, mukulemba zonse m'kope. Mukatero muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo, kuti lilime lidziwe chimene chabweretsa kusiyanako.

Thiraniko balere wokazinga mpaka kuda, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo mwafika ku stout, wakuda bii, wa fungo ngati khofi, wonga wa ku Dublin, ku Ireland. Onjezani hops, makamaka kumapeto, mwayandikira India pale ale, amene anatchuka ku Burton upon Trent ku England, kumene madzi ake a mchere wa gypsum amachititsa kuwawa kumveka mwakuthwa. Koma chodabwitsa kwambiri ndi kusintha yisiti yekha. Mowa wa tirigu wa ku Bavaria umanunkhira ngati nthochi yakupsa chikhalirecho mulibe nthochi. Ndi ntchito ya yisiti wake. Wokhala kotentha ayese yisiti wa saison wa ku Belgium, kapena kveik wa ku Norway amene amagwira bwinobwino ngakhale pa madigiri 35.

Lager, monga pilsner amene Josef Groll anayamba kufulula ku Plzeň, m'dziko la Czech la lero, mu 1842, mumusungire mtsogolo. Yisiti wake amafuna madigiri 8 mpaka 13, kenako masabata angapo pozizira kwambiri, ndipo popeza ndi mowa woyera wopanda pobisa cholakwa, kalikonse kamene mwaphonya kamamveka. Popanda firiji yakeyake, mungotaya chimera chanu. Ndipo musanagule poto woyamba uja, funsani zimene lamulo la dziko lanu likunena, chifukwa kufulula wakumwa nokha ndi kufulula wogulitsa zimayendera malamulo osiyana.