Kupempha mpamba kwa makasitomala anu: malangizo kwa eni mashopu aang'ono a chokoleti

Shopu yaing'ono yopanga chokoleti ndi manja ikafika poti ogula akufuna zambiri kuposa zimene khitchini yake ingatulutse, mwini wake amayamba kusakasaka mpamba wokulitsira ntchito. Banki kawirikawiri imafuna chikole, ndipo shopu imene chuma chake chonse ndi makina ochepa, matumba a koko ndi luso la mmisiri nthawi zambiri ilibe choti n'kupinyolitsa. N'chifukwa chake ambiri amatembenukira kwa anthu amene amagula kale chokoleti chawo n'kuwapempha kuti asonkhe. Njirayi ndi yabwino, koma imathandiza munthu amene wamvetsa kuyambira pachiyambi kuti ndalama zosonkhedwa motere si mphatso ayi. Ndi ngongole, ndipo mudzaibweza ndi chokoleti chimene simunachipange, pogwiritsa ntchito makina amene simunawagule.

Musanatchule ndalama iliyonse, fufuzani pamene ntchito yanu ikuthinana. Ngati mumayambira pa njere za koko, tsatirani njira yonse: kusankha njere, kukazinga, kuswa, kupeta mankhusu, kupera, kusungunula ndi kuziziritsa, kuthira m'zikombole, ndi kukulunga. Mashopu ambiri aang'ono amakakamira pa kupera, chifukwa makina a miyala otchedwa melanger amazungulira tsiku lathunthu, mwinanso masiku awiri kapena atatu, kuti chokoleti chisalale mpaka lilime lisamve mchenga, ndipo pa nthawi yonseyo simungathiremo china. Ena amakakamira pa tempering, ntchito yosungunula chokoleti chakuda mpaka madigiri 45 kapena 50, kuchiziziritsa kufika cha pa 27 kapena 28, n'kuchitenthetsanso pang'ono kufika pa 31 kapena 32, kuti chikauma chikhale chonyezimira ndipo chizilira "thwa" pochithyola. Mmisiri amene amachita zimenezi ndi manja pa thebulo la mwala, akufalitsa ndi kukokera chokoleti ndi chopalira, amatha theka la tsiku pa ntchito imene makina angaigwire iye akukulunga katundu. Pemphani ndalama za chinthu chimodzi chotero, chimene mungachiloze ndi chala. Munthu amapereka mosavuta akauzidwa kuti mukufuna makina achiwiri operera kuti muzitulutsa kawiri kuposa panopa, kusiyana ndi pamene wangouzidwa kuti mukufuna kukula.

Onetsetsaninso kuti mukamasula mfundo imodziyo simukumanga ina. Makina operera akulu amafuna magetsi okwanira, malo ozizira osungiramo katundu wochuluka, ndi manja ena okulunga.

Kenako pangani bajeti, ndipo apa ndi pofunika kudekha kwambiri. Pa mtengo wa makina onjezerani ndalama zowatumizira, msonkho wolowetsera katundu ngati akuchokera kunja, ndi zolipira wowalumikiza. Onjezerani zimene tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama lidzadule: Kickstarter, mwachitsanzo, imatenga 5 peresenti ya ndalama zonse zimene zapezeka, ndipo pamakhalanso 3 mpaka 5 peresenti yolipira kayendetsedwe ka makadi a ku banki. Funsani katswiri wa misonkho, popeza m'mayiko ambiri ndalama zolandiridwa posinthana ndi katundu zimawerengedwa ngati malonda. Chimene ambiri amaiwala ndi mtengo wa chokoleti chenichenicho chimene alonjeza kupatsa opereka ngati mphoto, pamodzi ndi mapepala okulungira, makatoni ndi positi. Mukalonjeza mabala a chokoleti mazanamazana koma osawerengera koko, shuga ndi maola a ntchito, mudzazindikira mochedwa kuti ndalama za makina zathera m'mphoto.

Mtengo wa koko nawo sukhazikika. Mu 2024 unadutsa madola 10,000 pa tani pa msika wa ku New York, zimene zinali zisanachitikepo, zokolola zitachepa ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, mayiko awiri amene amalima koko woposa theka la koko wa padziko lonse. Ngakhale mmisiri wamng'ono amagula njere zapadera pa mtengo wogwirizana ndi womugulitsa, kukwera kotero kumamufika ndithu. Choncho kambiranani ndi wokugulitsani njere musanalengeze mitengo ya mphoto, ndipo ngati n'kotheka mugwirizane mtengo ndi kuchuluka kwake polemba.

Njira zosonkhera zilipo zingapo, ndipo sizifanana kulemera kwake. Yofala kwambiri ndi yogulitsiratu: munthu amapereka lero, n'kudzalandira chokoleti pakapita miyezi. Kickstarter, imene inayamba mu 2009, imayendera lamulo lakuti mukalephera kufika pa mlingo umene munaika simulandira kalikonse ndipo opereka sadulidwa ndalama. Ena amaliona ngati lamulo louma mtima, koma kwa shopu imene ikugula makina ndi lamulo loteteza, chifukwa theka la mtengo wa makina siligula theka la makina, pamene malonjezo a mphoto amakhalabe athunthu. Masamba ena amalola kutenga zilizonse zimene zasonkhedwa, ndipo amenewa ndi oyenera pokhapokha ngati ndalama zochepa zingagwirebe ntchito yooneka. Fufuzaninso ngati tsamba limene mwasankha limalandira eni ntchito a m'dziko lanu, pakuti si mayiko onse amene amaloledwa.

Njira ina ndi kubwereka kwa makasitomala. Kampani ya Hotel Chocolat ya ku Britain inachita zimenezi mu 2010, pamene inabwereka ndalama kwa mamembala a kalabu yake yolawa chokoleti n'kumalipira chiwongoladzanja ndi mabokosi a chokoleti. Kampaniyo inali yaikulu kale, koma nzeruyo ndi yothandiza ngakhale kwa wamng'ono, popeza bokosi limakudyerani ndalama zochepa kuposa mtengo umene wolandirayo amaliona nawo. Palinso kugulitsa masheya, kumene kumabweretsa ndalama zambiri koma kumakupatsani eni anzanu mpaka kalekale. Ngongole ndi masheya zimayang'aniridwa ndi malamulo a zachuma a dziko lililonse. Ku United States, mwachitsanzo, anthu wamba analoledwa kugula masheya mwa njira yosonkherana kuyambira mu 2016, potsatira lamulo la JOBS Act la 2012. Musayambe njira ziwirizi musanaonane ndi loya. Kwa shopu imene ikupempha koyamba, ine ndimaona kuti kugulitsiratu n'kokwanira.

Mphoto zikhale zochepa mitundu ndipo zikhale zinthu zimene mumapanga kale bwino. Mtundu uliwonse watsopano umafuna zikombole zake, chokulungira chake ndi chizindikiro cholemba zosakaniza, makamaka mkaka, mtedza ndi soya zimene zimadwalitsa anthu ena. Mphoto zabwino koposa ndi zimene zimabweretsa munthu pakhomo pa shopu: khadi lotengera bala limodzi mwezi uliwonse kwa chaka, tsiku lolawa chokoleti cha koko wochokera m'mayiko osiyanasiyana, kapena phunziro la maola awiri la kuthira m'zikombole. Zoterezi zimamwaza ntchito pa miyezi yambiri m'malo moiunjika pa sabata imodzi, ndiponso sizidutsa ku positi. Mafuta a koko amasungunuka cha pa madigiri 34, ndipo bala limene lafewa m'galimoto n'kuumanso limafika lili ndi mawanga otuwa. Silinawonongeke, koma munthu amene wadikira miyezi isanu n'kutsegula bala lotuwa amakhumudwa, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Ngati kutumiza n'kosapeweka, ikani tsiku lotumiza m'nyengo yozizira, pewaninso nyengo za zikondwerero pamene shopu imakhala yotanganidwa kale.

Ntchito yaikulu yokopa anthu imachitika tsiku lotsegulira msonkhemsonkhe lisanafike. Kwa milungu ingapo, uzani aliyense wogula pa kauntala zimene mukukonza, lembani mayina a ofuna kudziwitsidwa, ndipo pemphani amene amakukondani kwambiri kuti adzapereke tsiku loyamba, chifukwa mlendo amakayikira kuponya ndalama pamene sipanaponyedwe kanthu. Kanema amene mudzaike pa tsamba losonkhera akhale wamfupi ndipo aonetse ntchito yeniyeni: njere zikutuluka mu uvuni, makina akale akuzungulira, alumali yopanda kanthu Loweruka masana. Nenani mtengo wa makina, dzina lake, ndi mmene ndalama zidzagawidwire. Masiku 30 osonkha ndi okwanira. Kickstarter imalola mpaka 60, koma nthawi yaitali imangotopetsa inu ndi omvera.

Ndalama zikalowa, zisungeni mu akaunti yapadera, ndipo patulani nthawi yomweyo gawo la mphoto ndi la msonkho musanagule chilichonse. Pa tsiku limene mwalonjeza onjezerani miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa makina amachedwa m'njira, ndipo akafika mumafunika nthawi yowazolowera, popeza miphika yoyamba pa makina atsopano kawirikawiri siituluka ngati ya pa makina akale. Lemberani opereka mwezi uliwonse ngakhale pasakhale nkhani yaikulu, ndipo chikachedwa china auzeni msanga chimene chachitika ndi tsiku latsopano. Potumiza, yambani ndi amene anapereka poyamba, ndipo lembani m'kaundula dzina lililonse limene lalandira zake mpaka mndandanda wonse utatha.