Chijasi cholemera chija chikukudyerani tsiku la ntchito

Mwezi wa June uno ndayendera makalabu a alimi a ng'ombe zamkaka ndi a khofi kuyambira ku Lusangazi mpaka kumbali ya Ekwendeni. Ng'ombe zili bwino, khofi akupsa bwino, koma chimene chandivuta mumtima ndi zovala za alimi eni ake. Kulikonse kumene ndafika m'mamawa ndapeza chinthu chimodzimodzi: munthu wadzikuta m'chijasi chokhuthala ngati bulangete, chofika m'mawondo, akupalasa njinga kapena akumweta udzu wa ng'ombe. Ikamakwana 8 koloko chijasi chija chapachikidwa pa mtengo, mwini wake ali ndi malaya onyowa chonyowa ndi thukuta, mphepo ikumuwomba pamsana, milomo ikunjenjemera. Ikamati 10 koloko wakhala padzuwa, ntchito yaima.

Chaka chilichonse timaona zimenezi, koma chaka chino zanyanya chifukwa mabelo a kaunjika abwera ndi zijasi zambiri za kumayiko a chipale chofewa. Anthu akumazinyamula m'manja pamsika, n'kumati cholemera kwambiri ndiye chenicheni. Amagula jekete ngati akugula thumba la chimanga, poyesa kulemera.

Zijasi zimenezo anazisokera munthu amene waima pamalo amodzi kudikira basi ku Canada kapena ku Norway, kumene madzi amauma kukhala mwala kwa miyezi. Mzuzu ndi wozizira, palibe akukana. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, pamene nyanja ku Nkhata Bay ili pansi pa mamita 500, ndipo mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake wochokera kunyanja akafika pa Katoto amayamba kufunsa juzi. Koma chimene chimatipweteka kuno kuyambira May mpaka August ndi mphepo, ija yochokera kum'mwera chakum'mawa imene asodzi amaitcha mwera, pamodzi ndi chifunga ndi mawawa a m'mawa. Mphepo imafuna chovala china, jekete lopepuka lotchinga mphepo, osati chimene chimafunidwa ndi chipale.

Thupi la munthu limatenthetsa kampweya kochepa kamene kali pakati pa khungu ndi chovala. Kampweya kameneko ndiko kamakufunditsani. Mphepo ikadutsa m'nsalu imakachotsa, thupi n'kuyambanso kutenthetsa kena, mphepo n'kukachotsanso, mpaka mphamvu za nsima ya dzulo zithere pamenepo. Juzi yoluka, ngakhale ikhale yokhuthala bwanji, ili ndi timabowo ponseponse, mphepo imangolowa ngati ikudutsa pa mpanda wa bango. Chijasi cholemera chimatchinga mphepo ndithu, koma chimatsekeranso kutentha konse mkati. Mukangoyamba kukwera chitunda ndi njinga, thukuta lili chuchuchu. Ndiye pali vuto lachiwiri: madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza ka 25 kuposa mpweya wouma. Malaya a thonje akamwa thukuta sauma msanga. Mukavula chijasi chifukwa mwatenthedwa, mumakhala mwadzipereka ku mphepo muli wonyowa, zimene zili zoipa kuposa mukanachoka kunyumba opanda jekete n'komwe.

Muwerengere nokha zimene zikutayika. Ndalama ya chijasi ikanagula kajekete kopepuka ndi juzi yabwino, n'kutsalako ya mchere wa ng'ombe. Maola awiri a m'mawa, amene ndi abwino kwambiri pothyola khofi ndi kuthirira kudimba, akupita mukuwotha dzuwa. Manja ouma ndi chisanu sathyola khofi bwino, amangopulula wofiira ndi wobiriwira pamodzi, kenako kumalo opukusira akakubwezerani mumati akukuzondani. Ndipo chijasi chikanyowa ndi mawawa chimalemera ngati mwabereka mwana, sichiuma masiku awiri m'nyengo ino yopanda dzuwa, chimayamba kununkha nkhungu.

Bambo wina amene amatenga mkaka pa njinga mbandakucha kupita nawo kumalo osonkhanitsira anandiyankha nditamufunsa za chijasi chake. Anati, "A Alangizi, ichi ndinagula chaka chimene mwana wanga woyamba ankalemba Fomu 4, ndipo sichinang'ambikepo. Inu mukufuna ndivale kapepala?" Ndinati, "Bambo, nanga bwanji chili pa kaliyala, osati pathupi panu?" Anaseka, n'kunena kuti amachivula akafika pachitunda chifukwa chimamulepheretsa kupalasa, ndipo potsetsereka alibe nthawi yoima kuti achivalenso poopa kuti mkaka ungachedwe n'kusasa. Ndiye kuti pamene mphepo imamenya kwambiri, potsika chitunda njinga ikuthamanga, bamboyu amakhala ali ndi malaya onyowa okha, chijasi chikufunditsa chigubu cha mkaka. Mkaka umene umafunika kuzizira ndi umene ukufundidwa! Sabata yotsatira ndinapeza mkazi wake ndi amene akukankha njinga. Anati, "Abambo agona, thupi lonse likuphwanya." Sindine dokotala, ndinawauza kuti apite kuchipatala, koma ndinapemphanso kuti kajekete ka mwana wawo kamene ankapita nako ku mpira akabwereke. Pano akuvala komweko, ngakhale amati anzawo akuwaseka kuti avala ngati mnyamata wa kabaza.

Kunena za a kabaza, iwo ena anazindikira kale. Pa njinga yamoto imene ikuthamanga makilomita 50 pa ola, mphepo mumadzipangira nokha ngakhale masamba a mitengo ali zii. Onani amene akhalitsa pantchitoyi ku Luwinga kapena ku Chibavi: mkati juzi, kunja jekete la nsalu yoterera, zipi mpaka kukhosi. Amene amadutsa ku Chikangawa pa msewu wa M1 usiku, kapena okwera ku Nyika kumene mtunda umapitirira mamita 2,000 ndipo udzu umayera ndi chisanu m'mawa, amenewo inde awonjezere chokhuthala, chifukwa amakhala pansi osagwiritsa ntchito thupi. Koma inu wa khasu ndi chikwakwa, thupi lanu ndi mbaula kale.

Pali ena amene athawa chijasi n'kugwera m'dzenje lina, kuvala jekete la mvula la pulasitiki, kapena kuboola thumba la feteleza n'kulowetsa mutu. Za thumba la feteleza ndatopa nazo kulankhula, lekani. Pulasitiki imatchinga mphepo yonse koma situlutsa nthunzi ya thupi, ndiye mumanyowa kuchokera mkati ngati mbatata yophikidwa mu mphika wovundikira. Jekete lotchinga mphepo limasiyana ndi la mvula pamenepa: nsalu yake ya nayiloni kapena poliyesita ndi yolukidwa mothinana kwambiri moti mphepo imalephera kudutsa, koma nthunzi imatulukako pang'onopang'ono. Mawawa limapirira kwa kanthawi, mvula ya March ndi April ya kuno silingathe. Alipo majekete ochita zonse ziwiri, monga a Gore-Tex, nsalu imene inachokera pa zimene Bob Gore anatulukira ku America mu 1969, koma atsopano ndi odula kwambiri, ndipo a pa kaunjika ambiri amakhala kansalu kamkati kayamba kale kusupuka. Mukaona mkati mukugwa tizidutswa toyera ngati gaga, lisiyeni, dzina lisakunyengeni.

Tsono posankha, poti ena mufunsa. Werengani kachikwangwani ka mkati, pakhale palembedwa nylon kapena polyester. Gwirani nsalu pakamwa muuzire mwamphamvu, dzanja lili kuseri: mpweya ukamadutsa mosavuta ndiye kuti mphepo idzadutsanso, ukapanda kudutsa ngakhale pang'ono ndi pulasitiki, mukufuna limene mpweya ukudutsa movutikira. Liyang'aneni padzuwa, mukaona timizere topanga timabokosi m'nsalu, imeneyo ndi ripstop, ikakodwa ndi nthambi ya khofi kung'ambikako sikupita patali. Lipindeni, labwino limakwana m'dzanja limodzi kapena m'thumba la ovolosi, ambiri sapitirira magalamu 200 kapena 300. Yesani zipi kangapo musanapereke ndalama, ifike mpaka pachibwano. Kumapeto kwa manja kukhale lastiki, m'chiuno chingwe chokoka, ndipo likhale ndi kachipewa kake kophimba makutu. Liyeseni mutavala juzi mkati, kwezani manja ngati mukuthyola khofi, weramani ngati mukukama. Msana ukaonekera, tengani lokulirapo. Oyenda pamsewu mbandakucha musankhe la mtundu wowala, lakuda m'chifunga cha kuno dalaivala sakuonani.

Mavalidwe ake mukuwadziwa: malaya opepuka mkati, makamaka aja a mpira chifukwa amauma msanga, juzi pakati, jekete kunja. Mukatenthedwa vulani juzi, jekete likhale. Musalisite ndi nsimbi ya makala, ndipo powotha moto khalani patali, kamoto kamodzi kothetheka kamaboola nayiloni nthawi yomweyo. Chapani ndi madzi ozizira, osalimenyetsa pamwala. Ndipo musapopere nalo mankhwala a mbewu n'kupita nalo kokama ng'ombe, zovala zopopera zimakhala zapadera.